Sayirini ikalira magetsi atazima, musathamangire kudula waya

Okondedwa a Mlangizi,

Kunyumba kwathu kuli alamu ya akuba imene tinaikitsa zaka 6 zapitazo. Chiyambire mwezi wa Okutobala, magetsi akangozima sayirini ya panja imayamba kulira yokha, ngakhale alamuyo tisanaitchere. Tikafuna kuiletsa timapeza kabokosi kodinapo manambala katathima. Imalira mwamphamvu kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, kenako mawu amasasa mpaka kutheratu. Maneba atopa nafe, moti masiku ano ikalira palibenso amene amasuzumira. Mlamu wanga akuti batire la mu sayirini ndi limene lasokonekera, ndiye tingolichotsa kapena tidule waya. Kodi ndichite zimenezo?

Mayi wosowa tulo, Chilomoni, Blantyre

Mayi,

Musadule waya, ndipo batire limene mlamu wanu akulinenezalo musalichotse. Pa zimene mwafotokozazi, limenelo ndi limene likuyesetsabe kugwira ntchito yake. Wolakwa wamkulu ali m'nyumba.

Alamu ngati yanuyi imakhala ndi mabatire awiri. Lalikulu lili m'bokosi lotsekedwa limene anakhomerera penapake m'nyumba, mwina m'kabati ya zovala, m'sitolo kapena pafupi ndi denga. Nthawi zambiri limakhala la 12V 7Ah, la mtovu ngati la galimoto koma lomata ndiponso laling'ono. Linalo ndi kabatire kochajidwa kamene kali mkati mwa sayirini, kawirikawiri ka mtundu wa NiMH kapena NiCd, ka 6V, 7.2V kapena 8.4V. Bokosi la m'nyumba limatumiza mphamvu ya pafupifupi 13V ku sayirini usana ndi usiku, yochajira kabatireko komanso yoiuza kuti zonse zili bwino. Mphamvuyo ikangoduka, sayirini imalira ndi batire lakelake. Ili ngati mlonda amene anauzidwa kuti chingwe chimene wagwira chikangolefuka akuwe, osayamba wafunsa. Anaipanga choncho dala, kuti wakuba akadula waya asapeze phindu.

Ndiye taonani zimene zikuchitika kwanu. Magetsi akazima, batire lalikulu limayenera kunyamula alamu yonse kwa maola angapo. Lanulo latha, n'chifukwa chake kodinapo manambala kakuthima nthawi yomweyo. Sayirini ikuona ngati wina wadula waya. Mukadula wayayo zenizeni, ilira chimodzimodzi mpaka kabatire kake katatha, kenako nyumba yanu ikhala chete mpaka kalekale, ngakhale tsiku limene akuba adzathyole chitseko.

Zaka 6 n'zambiri kwa batire lotere. Limakhala zaka 3 mpaka 5 zinthu zikamayenda bwino, ndipo kutentha kumalidya msanga: malo akamatentha ndi madigiri 8 mpaka 10 kuposa 25°C, moyo wake umafupika ndi theka. Ganizirani bokosi lili pansi pa malata mu Okutobala. Onjezanipo kuthimathima kwa magetsi. Batire likaphwa limafuna pafupifupi tsiku lathunthu kuti lidzadze, koma magetsi amazimanso lisanakhute.

Musanagwire chilichonse, ngati alamu yanu ndi yolumikizidwa ndi kampani ya alonda, aimbireni kaye. Mukapanda kutero mungoona galimoto yawo pageti, komanso makampani ena salola kuti mlendo atsegule bokosi lawo. Auzeninso maneba kuti tsiku lokonzalo kukhala phokoso pang'ono. M'bokosimo muli mbali imene imalowa magetsi a 230V, ndiye ngati simunazolowere pezani wamagetsi wodziwa za ma alamu. Komabe dziwani zoyenera kuchitika, kuti muziona ngati akuyezadi kapena akungoyerekeza.

Chivundikiro chikatsegulidwa alamu ikhoza kulira, chifukwa pali kaswitchi kolondera kuti munthu asaseweretse bokosi. Imaletseka ndi manambala anu aja, ndipo amene anaika alamuyo amakhalanso ndi nambala yawoyawo yoigoneka pokonza. Magetsi ali oyaka, wamagetsiyo achotse batire lalikulu ndi kuliyang'ana. Likatupa, kung'aluka kapena kuchita ufa woyera m'mitu mwake, nkhani yathera pomwepo. Ngati likuoneka bwino, aliyeze ndi multimeter atatchera pa 20V DC. Lodzadza limaonetsa 12.6V kapena kuposerapo pang'ono. Lochepera 12V pamene lakhala pa chaji tsiku lonse ndi lodwala.

Apa ndi pamene ambiri amanamizika. Batire lakufa likhoza kuonetsa 12.5V bwinobwino likakhala lopanda katundu. Wina n'kukuuzani kuti "batire lili boo, mayi," n'kulibwezera. Muuzeni alumikize babu la galimoto la 21W, la mabuleki kapena la indiketa, mita ili pomwepo. Babu lotere limakoka pafupifupi 1.75A. Batire lamoyo limatsika pang'ono n'kukhazikika cha pa 12V, babu likuwala mofanana kwa mphindi zingapo. Lakufa limagwa mukuona, 11V, 10V, babu n'kuyamba kufiira. Ayezenso mawaya awiri, ofiira ndi akuda, amene amachaja batire: pazikhala 13.5V mpaka 13.8V. Pakakhala palibe kanthu, ayang'ane fyuzi ya batire, chifukwa batire latsopano pa chaja yakufa lidzakusiyani m'mavuto omwewa pakangotha masiku ochepa.

Pogula, tengani lakalelo kusitolo kuti mufananitse kukula ndi mitu yake, ndipo funsani tsiku limene linapangidwa. Batire la mtovu limene lagona pashelefu chaka chathunthu osachajidwa limakhala litayamba kale kuwonongeka. Lotchipa kwambiri, lopepuka m'manja poyerekeza ndi linzake la 7Ah, ine sindingakulangizeni.

Tsopano za kusasa mawu kuja. N'kutheka kabatire ka mu sayirini nakonso kakalamba, poti zaka 6 padzuwa ndi pamvula si masewera. N'kuthekanso kuti n'kabwinobwino, kungoti kamaphwa usiku uliwonse osapeza mpata wodzadza, popeza kamachajidwa pang'onopang'ono kwambiri. Choncho musakaweruze tsiku lomwelo. Ikani batire lalikulu latsopano, papite tsiku limodzi kapena awiri, kenako muyese.

Kuyesa kwake sikufuna makwerero. Wokonzayo achotse fyuzi ya sayirini m'bokosi la m'nyumba, kapena amasule waya umene umaipatsa mphamvu. Iyenera kulira nthawi yomweyo, mwamphamvu, osasintha mawu. Ipatseni mphindi ziwiri kapena zitatu, kenako abwezere. Masayirini ambiri ali ndi nthawi yoikika yolira, monga mphindi 15, ndipo amasiya okha mwadzidzidzi mawu akadali amphamvu. Kumeneko si kudwala. Kudwala ndi kuyamba bwino kenako n'kumafooka, kapena kungoti kwii n'kukhala duu.

Zikatero m'pamene munthu akwere. Wina agwire makwerero pansi, ndipo wokwerayo atseke makutu, chifukwa sayirini zambiri zimafika 110dB kapena kuposa, ndipo nayonso ili ndi kaswitchi kolira chivundikiro chikachotsedwa. Phokoso lotero likaphulika pakhutu munthu ali m'mwamba akhoza kudzidzimuka n'kugwa. Asamalenso mavu, amakonda kumanga m'mabokosi amenewa. Mkatimo ayang'ane nyerere, ndowe za nalimata, madzi a mvula amene alowera pobowoka, ndi dzimbiri lobiriwira pa zomangira mawaya. Ayeze ngati mphamvu ya 13V ija ikufikadi. Ngati m'nyumba ikutuluka 13.7V koma kunja ikufika 11V, vuto ndi waya kapena polumikiza, ndipo kabatire katsopano sikathandiza.

Kabatireko kali ndi manambala olembedwa pathupi pake. Ka 7.2V kamakhala ndi timabatire 6 ta 1.2V, ndipo kakadzadza kamaonetsa cha pa 8V. Kakamaonetsa 6V kapena kuchepera pamenepo pambuyo pa tsiku lonse la chaji, kasintheni. Katsopanoko kakhale ka mtundu womwewo ndi mphamvu yomweyo. Musalole munthu kulumikiza mabatire a tochi kapena a wailesi osachajika, chifukwa pa chaji amatha kuchucha kapena kuphulika. Sayirini zina kabatire kake n'kowotcherera pa bolodi, ndipo ngati bolodiyo yadyekanso ndi dzimbiri, kugula sayirini ina kumaposa kukonza.

Owerenga ena amene sayirini yawo ndi ya lipenga la mawaya awiri okha asavutike kufunafuna kabatire, ilibe. Imeneyo batire la m'nyumba likafa imangokhala chete.

Mabatire akalewo musawataye kudzala, m'chimbudzi kapena pamoto. Mtovu ndi cadmium wa m'mabatire a NiCd ndi poizoni, ndipo ana amakonda kutola. La mtovu apatseni ogulitsa mabatire a galimoto amene amalandira akale. Pa latsopanolo lembanipo mwezi ndi chaka ndi cholembera chosafufutika, ndipo pakatha zaka 3 muliyezenso ndi babu.

Zonse zikatheka, pitani kwa maneba mukawapepese ndi kuwauza kuti alamu yakonzedwa. Adziwe kuti kuyambira tsopano ikalira usiku, atuluke.