Buye, koko ndi zilazi: gawanani mbewu kuti mwana adye bwino



Kuno ku Dedza timatchuka ndi kachewere. Koma kachewere wambiri amathera kumsika, pa Bembeke kapena Chimbiya, mwana n'kutsala ndi phala la ufa woyera lopanda kanthu. Kafukufuku wa boma wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka 5 m'Malawi muno ndi opinimbira. Mwana wopinimbira amadwaladwala, ndipo kusukulu zimamuvuta.

Kadimba ka pakhomo kangathandize. Pali mbewu zobereka pansi zomwe agogo athu ankalima, koma lero zayamba kusowa. Simungazipeze m'sitolo ya zaulimi. Zimapezeka kwa mayi mnzanu. Mukaleka kugawana, zitheratu.

Mbewu zake ndi ziti?

1. Buye. Mbewuyi imalimidwa ku Dedza ndi ku Ntcheu kuyambira kale. Imabzalidwa m'mizere ndipo imatenga miyezi 6 kapena 7. Akulu amatafuna osaphika, koma kamwana muziyamba mwakaphikira n'kupota.

2. Koko. Amakonda pachinyezi, monga m'mbali mwa dambo. Masamba ake anthete ndi ndiwo. Phikani apse bwinobwino, chifukwa wosapsa amayabwa kukhosi.

3. Zilazi. Zimayanga, choncho zizikireni mtengo. Zimasungika nthawi yaitali mukakumba. Chenjerani: mpama wa kutchire si chilazi. Wina ali ndi poizoni, musampatse mwana.

4. Mbatata yofiira mkati, monga Zondeni, Kadyaubwerere, Chipika ndi Anaakwanire. Iyi ndi yatsopano, koma musaisiye. Ili ndi Vitamini A amene amateteza maso ndi kuthandiza thupi kulimbana ndi matenda. Dulani kholowa wotalika masentimita 30, mukwirire mbali yaikulu m'nthaka, n'kusiyanso masentimita 30 pakati pa mapando. Kuno kumapiri kumazizira, ndiye ikachedwa kukhwima musadabwe.

Kusinthana mbewu

Pagulu lanu la amayi, aliyense anene mbewu imene ali nayo. Gwirizanani tsiku mvula isanayambe, mu Okutobala kapena Novembala. Wa buye apatse wa koko, wa kholowa apatse wa zilazi. Amene alibe kalikonse musamubweze chimanjamanja. Mpatseni, adzabweza akakolola.

Koma mbewu ikamayenda, matenda amayenda nayo. Choncho:
• Musagawe kholowa wa masamba opiringizika kapena achikasu.
• Mbatata yobooledwa ndi nankafumbwe, kapena mbewu iliyonse yowola, isapite kwa mnzanu.
• Tengani mbewu pa zomera zathanzi, osati zotsalira pophika.
• Musabzale mbewu imodzimodzi pamalo omwewo chaka ndi chaka.

Chilimwe chikafika, kholowa amauma ndipo mbuzi zimamaliza wotsalayo. Sankhani mayi mmodzi kapena awiri amene ali ndi dimba la madzi kuti asungire gulu lonse. Tchingani ndi mpanda.

Zikafika m'mbale ya mwana

Miyezi 6 yoyambirira, mwana ayamwe bere lokha. Akakwanitsa miyezi 6, yambani kumpatsa chakudya china kawiri kapena katatu patsiku, uku akuyamwabe mpaka zaka 2 kapena kupitirira.

Kumbukirani kuti pa magulu 6 a zakudya, mbewu zonsezi zili m'gulu limodzi, la zokhutitsa. Pazokha sizikwanira. Sambani m'manja ndi sopo, wiritsani mbatata kapena koko, mupote. Thiranimo nsinjiro kapena supuni yaing'ono ya mafuta ophikira, chifukwa Vitamini A amalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta. Onjezerani dzira lophika, nyemba zopota kapena usipa wosinja, ndi masamba pang'ono. Chakudyacho chikhale cholimbirako, osati chamadzimadzi chothothoka pa supuni. Mwana akhale ndi mbale yakeyake kuti muziona mmene wadyera.

Musaleke kupita naye kusikelo mwezi uliwonse. Akamatsika sikelo kapena kutupa mapazi, pitani naye kuchipatala msanga.

Kambiranani pagulu

• Ndi mbewu iti imene amayi anu ankalima koma lero simukuionanso? Ndani akadali nayo?
• Chaka chino asunge kholowa ndani?
• Kodi alangizi a zaulimi a m'dera lanu mwawafunsa za mbatata yofiira mkati?