Kuzindikira Ulosi Woona: Ndime Zooneka Ngati Zikutsutsana m'Baibulo

Munthu akaima pagulu n'kunena kuti Mulungu wamutuma, omvera amakhala pamphambano. Akakana uthenga woona ndiye kuti akana Mulungu, ndipo akalandira wabodza asokeretsedwa. Baibulo limapereka njira zoyesera aneneri, koma zina mwa izo zimaoneka ngati zikutsutsana. M'chimangirizo chino tiona kuti njira iliyonse payokha ndi yoperewera, ndipo zimagwira bwino ntchito zikaphatikizidwa.

Muyeso wodziwika kwambiri uli pa Deuteronomo 18:22. Ndimeyi imaphunzitsa kuti mneneri akalosera chinthu m'dzina la Mulungu koma chosachitika, uthengawo sunachokere kwa Mulungu. Komabe chaputala 13 cha buku lomweli chimachenjeza kuti chizindikiro cha mneneri chikhoza kuchitikadi, koma ngati iye akukokera anthu kwa milungu ina, asamveredwe. Choncho kukwaniritsidwa kwa ulosi pakokha si umboni wokwanira.

Nkhani ya Yona imawonjezera vutoli. Yona analalikira kuti mzinda wa Nineve uwonongedwa pakatha masiku 40, koma sunawonongedwe. Nayenso Yesaya anauza Mfumu Hezekiya kuti imwalira, koma itapemphera inawonjezeredwa zaka 15. Kodi awiriwa anali aneneri onama? Yankho tikulipeza pa Yeremiya 18:7-10, pamene pakufotokozedwa kuti Mulungu amatha kuleka chilango chimene walengeza ngati anthu atembenuka mtima. Izi zikusonyeza kuti ulosi wachiweruzo kawirikawiri umakhala chenjezo. Ku Nineve chenjezolo linagwira ntchito yake, popeza anthu analapa.

Pali vuto linanso, la nthawi. Mu Yeremiya 28, Hananiya analosera kuti pasanathe zaka ziwiri goli la Babulo lithyoka, pomwe Yeremiya ankanena za zaka 70. Onse awiri ankalankhula m'dzina la Mulungu, m'kachisi mmodzi. Mfumu Zedekiya ndi anthu ake sakanatha kudikira zaka zonsezo kuti aone wolondola, chifukwa ankayenera kusankha pakati pa kugonjera Babulo ndi kumuukira. Patapita zaka zingapo anaukira, ndipo Yerusalemu anawonongedwa. Yeremiya anali ataperekeratu nzeru yothandiza: aneneri akale ankachenjeza za nkhondo ndi masoka, kotero wolosera mtendere ndiye ayenera kudikira kuti mawu ake atsimikizike. Uthenga wokoma m'khutu ndiwo ufunika kuusanthula kwambiri.

Chipangano Chatsopano chimatembenukira ku moyo ndi chiphunzitso cha mneneriyo. Pa Mateyu 7, Yesu akuti aneneri onama adzadziwika ndi zipatso zawo, ndiponso kuti ena olosera m'dzina lake adzawakana pa tsiku lomaliza. Paulo, pa 1 Atesalonika 5:20-21, akuletsa kunyoza ulosi koma akulamulanso kuyesa zonse, pomwe 1 Yohane 4 imayesa mzimu poona zimene ukunena za Yesu Khristu.

Pomaliza, taona kuti ndimezi zikuyankha mafunso osiyana: kodi zachitika, zikutsogolera kwa Mulungu uti, ndipo wolankhulayo ali ndi makhalidwe otani? Wogwiritsa muyeso umodzi wokha akhoza kukana Yona n'kulandira wochita zozizwitsa wachinyengo. Kuona maso a nkhono n'kudekha: mpingo usathamangire kuwomba m'manja kapena kutola miyala usanafunse mafunso onse atatu.