Kulowa gule ali pakati: mmene ndinawerengera Akata Warrior

Anzanga, mukukumbukira katoni ya mabuku a mphatso imene inafika ku laibulale teremu yatha ija? Ambiri munalimbirana mabuku a sayansi ndi masamu chifukwa JCE yayandikira. Ine ndinatola buku la nthano la Chingerezi lotchedwa Akata Warrior, lolembedwa ndi Nnedi Okorafor, mayi wobadwira ku America koma makolo ake ndi a ku Nigeria. Nditawerenga masamba angapo mutu unaima. Anthu a m'bukumo ankangotchulana ngati ndimawadziwa kale. Aphunzitsi a Chingerezi atayang'ana pa foni yawo anandiuza kuti mabukuwa alipo atatu: Akata Witch la 2011, Akata Warrior la 2017 ndi Akata Woman la 2022. Ine ndinali nditatola lapakati. Ndinabwerera kukatoni kuja, kufufuza mpaka pansi, koma loyamba munalibe, lachitatu munalibenso.

Ndikanalibweza tsiku lomwelo. Chinandigwira n'chakuti mwini nkhani, Sunny Nwazue, ndi mtsikana wa khungu lachialubino, wocheperako pang'ono kwa ife a Fomu 2. Anabadwira ku New York koma amakhala mumzinda wa Aba ku Nigeria, ndipo mpira amautha kuposa anyamata ambiri. Sindinawerengepo buku loti mtsikana wotereyu n'kukhala patsogolo. Ndiye ndinati basi, ndilimbana nalo.

Njira imene ndinapeza ndi yokunkha. Mukudziwa mmene timachitira m'munda wa mtedza eni ake akamaliza kukumba, timadutsamo n'kumatola wotsalira mpaka kambale kudzaza. Wolemba buku lachiwiri amadziwa kuti owerenga ake aiwala zina, choncho amagwetsa tizidutswa ta buku loyamba apa ndi apo. Ndinatenga tsamba lakumapeto kwa kope langa n'kumalemba dzina lililonse lachilendo, pambali pake chimene ndikuganiza kuti ndicho tanthauzo lake. Ndikapeza umboni wina ndinkakonza. Motero ndinadziwa kuti anthu a Nyalugwe ndi amene ali ndi mphamvu zamatsenga, pamene anthu wamba amatchedwa ana a nkhosa ndipo saloledwa kudziwa kanthu. Ndinadziwanso kuti Sunny ndi anzake atatu, Orlu, Chichi ndi Sasha, m'buku loyamba analimbana ndi munthu wopha ana wotchedwa Black Hat Otokoto. Palibe anandifotokozera, ndinakunkha ndekha.

Mawu amene anandivuta kwambiri ndi chittim. Poyamba ndinalemba kuti ndi mvula, chifukwa zinkangogwa kuchokera kumwamba. Kenako ndinaona kuti anthu akuzitola n'kumagulira zinthu. Eti ndi ndalama zachitsulo zimene zimamugwera munthu akaphunzira chinthu chatsopano! Zikanakhala choncho pano bwenzi nkhani ya fizi kulibe. Dikishonale sikanandithandiza, mawuwa mulibemo. Ndi zomwe zija amatiuza aphunzitsi pa mafunso a kumvetsa nkhani, kuti tanthauzo la mawu lifuneni m'ziganizo zoyandikana nawo. M'kalasi ndinkangovomera, apa m'pamene ndinazigwira ndi manja.

China chimene ndaona n'chakuti buku lapakati lili ndi ntchito yakeyake. Si loti munthu apeze mphamvu, poti anazipeza kale. Ndi loti alipire. Mchimwene wake wa Sunny, Chukwu, akumenyedwa koopsa ndi gulu lachinsinsi la ku yunivesite. Sunny ndi Chichi akubwezera pogwiritsa ntchito matsenga, ndipo Sunny akuswa lamulo lalikulu la anthu a Nyalugwe. Chilango chake n'kutsekeredwa masiku atatu m'chipinda chapansi pa laibulale ya Obi, mumdima, muli chiwanda. Mphunzitsi wake yemwe, gogo Sugar Cream, sakumupulumutsa. Chigawo chimenechi ndinachiwerenga ndi tochi mayi atagona, mabatire n'kutha, m'mawa kunali kufotokoza. Mpaka lero sindinagamule ngati Sunny analakwa. Akanakhala mchimwene wanga ndikanatani? Pambuyo pake akulekanitsidwa ndi Anyanwu, mzimu wake umene anali kuudalira, ndipo akuyenera kuyenda ulendo woopsa ali wosweka chonchi.

Za ulendowo sindinena zambiri, ndingakuonongereni. Kuli kangaude wamkulu Udide amene amakhala pansi pa mzinda wa Lagos, kuli mzinda wobisika wa Osisi, ndiponso kuli ntchenzi yaikulu youluka imene anawa akukwera. Ntchenzi yomwe ija ife timathamangitsa ndi agalu kudambo! Kunena zoona, kwa ine mbali ya ulendoyi inachepa mphamvu poyerekeza ndi masiku atatu a mumdima aja.

Pali chinthu chimodzi chimene chinandisowetsa mtendere, ndipo ndinakafunsa aphunzitsi. M'bukumu mphamvu za Sunny zikugwirizana ndi khungu lake. Kuno ku Malawi, makamaka kuyambira 2014, anthu achialubino akhala akubedwa ndi kuphedwa chifukwa cha bodza loti m'mafupa mwawo muli chizimba cha chuma. Ndiye buku lonena kuti mtsikana wachialubino ali ndi matsenga silikuthira mafuta pamoto? Aphunzitsi anati ndiyang'ane mmene wolembayo akumuonetsera. Ndinabwerezanso. Sunny si chizimba cha munthu wina. Amakwiya, amalakwitsa, amakangana ndi bambo ake, amasankha yekha chochita. Ndipo si iye yekha, anzake akhungu lakuda nawonso ali ndi mphamvu zawo, monga Orlu amene kuwerenga kunkamuvuta kusukulu koma amamasula matsenga a ena. Ndinavomera theka. Theka linalo ndikuti amene awerenge bukuli pano akumbukire kuti ndi nthano yopeka. Mnzathu wachialubino ndi munthu ngati iwe ndi ine, monga a Overstone Kondowe amene anasankhidwa kukhala phungu ku Nkhotakota mu 2021, woyamba wachialubino kulowa m'Nyumba ya Malamulo.

Bukulo ndabweza, lili pa shelefu ya nthano. Pepala langa la mayina ndalipinda n'kulisiya m'kati mwa chikuto, mukapeza pamene ndinaphonya mukonze ndi pensulo, osang'amba chonde. Ndipo ngati wina ali ndi m'bale ku Lilongwe amene amadutsa ku National Library, atifunsireko Akata Witch. Ndikufuna ndione ngati zimene ndinakunkha zija zili zoona.