Phunziro: Kumanga ndi Dothi Mothandizana pa Khomo la Mnzathu

Cholinga

Pomaliza phunziroli mudziwe kusankha dothi, kumanga khoma la mdindo ndiponso kugawana ntchito pagulu popanda wina kudyeredwa masuku pamutu.

Chifukwa chiyani tidzipereke?

Njerwa zootcha zimadya mitengo yambiri, ndipo simenti ndi yodula. Chikhalirecho dothi lili pakhomo panu pomwepo. Chimene chimasowa ndi luso ndi manja okwanira, pakuti mutu umodzi susenza denga. Makolo athu ankaitana dima kukalima kwa mnzawo. Ifenso tichite chimodzimodzi pomanga. Iyi si ganyu, simulandira ndalama. Malipiro anu ndi luso limene mupite nalo kwanu, komanso tsiku limene gulu lidzabwere kwa inu.

Yambani mukatha kukolola, kuyambira Juni mpaka Seputembala, kuti khoma liume mvula isanagwe. Musayambe ndi nyumba yogona. Phunzirani pa khitchini kapena khola la nkhuku.

Kuyesa dothi

1. Palani dothi lakuda lapamwamba, mulithire kumunda. Limeneli ndi la mbewu, silimanga. Kumbani lapansi pake.
2. Thirani dothi m'botolo loonekera mkati mpaka theka, onjezerani madzi, khutchumulani kwambiri, kenako liikeni pansi. Mchenga umakhazikika msanga, pamene dongo limatenga tsiku lathunthu kapena kuposerapo.
3. Dothi labwino limakhala ndi magawo pafupifupi 7 a mchenga ndi timiyala, ndi magawo 3 a dongo. Dongo likachuluka khoma limang'aluka, choncho onjezerani mchenga. Likachepa khoma limanyenyeka.
4. Wazani madzi pang'ono, umbani mpira m'dzanja, muugwetse kuchokera m'chiuno. Ukasweka m'zidutswa zingapo, chinyezi chakwana. Ukaphwatalala, madzi achuluka. Ukamwazika ngati ufa, dothi lauma.

Kumanga

Mdani wamkulu wa khoma la dothi ndi madzi. Kumbukirani nyumba zimene zinagwa m'chigawo cha kummwera ndi mvula ya namondwe wa Freddy mu Marichi 2023. Choncho mangani pamalo okwera, ndipo maziko a miyala atuluke pamwamba pa nthaka masentimita 30. Ikani chikombole cha matabwa pamazikopo, thirani dothi lokwana masentimita 10 mpaka 15, sinjani ndi musi mpaka kulira kwake kusinthe, kenako onjezerani lina. Denga lituluke kunja kwa khoma masentimita osachepera 60, ndipo kumbani ngalande yopatutsa madzi. Dzenje limene mwakumbamo dothi likhale patali ndi nyumba. Mukamaliza, thiranimo zinyalala zowola ndi manyowa, mubzalemo nthochi.

Malamulo a gulu

Magulu ambiri amatha chifukwa amene amumangira koyamba sabweranso. Musanakumbe, gwirizanani izi ndipo mlembi azilembe m'buku la gulu:

• mndandanda wa makomo ndi tsiku logwira ntchito pa sabata;
• mwini khomo akonzeretu miyala, madzi, udzu ndi thobwa;
• wojomba popanda chifukwa chomveka, dzina lake libwerere kumapeto kwa mndandanda;
• okalamba ndi amayi amasiye akhale koyambirira, ngakhale sangathe kusinja;
• muzisinthana ntchito. Amayi asangokhala otunga madzi, nawonso agwire chikombole ndi chingwe, chifukwa aliyense wabwera kudzaphunzira.

Mafunso okambirana

1. Kodi m'mudzi muno muli nyumba ya mdindo yomwe yakhalitsa? Chaiteteza n'chiyani?
2. Ndani pagulu lathu ayenera kuyamba kumangiridwa, ndipo chifukwa chiyani?

Ntchito ya kunyumba

Sabata yamawa aliyense abwere ndi botolo la dothi la pakhomo pake limene lakhazikika tsiku lathunthu. Tidzawaika pamzere ndi kuyerekeza.