Phunziro la ukalipentala: Kuboola mabowo a zikhomo pa benchi

Ambiri mwa ife amene tinaphunzira kupala matabwa tinadzikhomera benchi kunyumba, koma ndi ochepa amene tinagula vaisi, pakuti kuipeza kufuna ulendo wa ku Chipata ndi ndalama zimene feteleza akuzidikira. Chotero timagwira thabwa ndi dzanja lamanzere kapena kulipanikiza ndi bondo, ndipo tchizulo ikaterereka imapeza dzanja lomwelo. Mlimi amene wadzicheka mu Okutobala amafika nyengo yobzala ali ndi dzanja limodzi. Mizere ya mabowo pa benchi, pamodzi ndi zikhomo zamtengo, imagwira thabwa m'malo mwa dzanja, ndipo mtengo wake ndi tsiku limodzi la ntchito.

Taganizirani za timitengo ta pamwamba pa mng'oma wa njuchi wamatabwa. Kalikonse kayenera kukhala mamilimita 32 m'lifupi. Tikaphonya muyeso umenewu, njuchi zimamanga zisa mopingasa, ndipo pofula uchi timaswa zisa ndi kupha ana a njuchi. Kamtengo kogwedera sikangapalidwe molingana chotero. N'chimodzimodzi ndi mafelemu a zitseko ndi magoli a ng'ombe.

Choyamba tione thabwa la pamwamba. Likhale lochindikala masentimita 5 kapena kuposerapo, ndiponso louma bwino. Mlombwa, mbawa ngakhale bulugamu wokhwima ndi woyenera. Mtengo wauwisi umanyala pouma, ndipo bowo lozungulira limasanduka ngati dzira, chikhomo n'kukana kulowa. Kenaka tisuzumire kunsi ndi kulemba ndi choko pamene pali miyendo, mitanda ndi misomali. Msomali umodzi ukwanira kuononga mano a chiboolero.

Chachiwiri ndi kulemba mizere. Pa benchi ya masentimita 150 m'litali ndi 60 m'lifupi, mzere woyamba ukhale masentimita 6 kuchokera m'mphepete mwa kutsogolo. Wachiwiri ndi wachitatu itsatire motalikirana masentimita 15. Mumzere uliwonse tiyambe pa masentimita 10 kuchokera kumapeto, ndi kuika chizindikiro pa masentimita 10 alionse. Tidzapeza malo 14 pamzere, onse pamodzi 42, kuchotsapo ogwera pa miyendo. Mabowo a mizere itatuyi ayang'anizane ndendende. Ngati tikukayika sikweya yathu, tiyese monga tichitira pa maziko a nyumba: masentimita 30 mbali imodzi, 40 mbali inayo, ndipo mzere wolumikiza nsonga ziwirizo ukhale 50. Tisadzaze benchi yonse ndi mabowo. Bowo lina tingaliwonjeze tsiku limene lafunika, koma lobooledwa kale silibwerera.

Chachitatu ndi kuboola. Chiboolero cha mamilimita 19 chopukusa ndi manja chikwanira, ndipo sichifuna magetsi. Mabowo onse akhale a muyeso umodzi kuti chikhomo chilichonse chilowe paliponse. Kuti asapendame, tiyambe taboola kachidutswa ka mtengo wolimba, tikuyesa ndi sikweya kumbali ziwiri. Kachidutswa kameneka ndiko kadzatsogolera chiboolero pa bowo lililonse. Nsonga ikangotulukira kunsi tiime, titsirizire bowolo kuchokera kunsi, kuti thabwa lisang'ambike. Bowo lipyoze ndithu, kuti utuchi uzigwa pansi. Pomaliza tisemeko pang'ono pakamwa pa bowo ndi mpeni kuti m'mbali musathetheke.

Zikhomo tiseme kuchokera ku mtengo wolimba. Mpini wakale wa khasu umatulutsa zingapo. Chilichonse chikhale masentimita 10, cholowa mothina pang'ono. Kumutu kwake tidule mbali imodzi kuti ikhale yafulati, yoweramira pang'ono kutsogolo, kuti izikanikizira thabwa pansi. Popala, mutu wa chikhomo ukhale m'munsi mwa nkhope ya thabwa. Tikonda zamtengo koposa zachitsulo chifukwa pulena ikagunda mtengo mpeni wake subenthuka.

Kagwiritsidwe kake n'kosavuta. Zikhomo ziwiri kutsogolo zimaletsa thabwa kuthawa pulena. Tikafuna kuti ligwidwe kolimba, tiike chikhomo china kumbuyo, ndi kukhomera timatabwa tiwiri tosongoka, timene akalipentala amati maweji, pakati pa chikhomo ndi thabwa, tikuyang'anizana.

Pofuna kusema ndi tchizulo, wosula zitsulo atipindire chitsulo chozungulira, chocheperako pang'ono kuposa bowo, chooneka ngati nambala 7, ndi kuchiphwatalitsa kunsonga. Tikachilowetsa m'bowo ndi kuchimenya pamwamba ndi nyundo, chimapendama n'kuluma m'mbali mwa bowo, thabwa n'kukhala nji. Kuchimenya kumsana kumachimasula. Chida chimenechi n'chakale: kalipentala wa ku Paris, André-Jacob Roubo, anachijambula m'buku lake limene linayamba kutuluka mu 1769, ndipo chikugwirabe ntchito lero. Chenjezo n'lakuti tisathire mafuta m'mabowo, pakuti chitsulocho chidzaterera.

Ntchito imeneyi tiichite m'chilimwe, zokolola zili m'nkhokwe ndipo matabwa ali ouma. Amene alibe chiboolero abwereke kwa anzake, ndipo anayi kapena asanu a m'mudzi umodzi angathe kutsiriza mabenchi awo m'sabata imodzi. Manja amene Mulungu anatipatsa ndiwo adyetsa mabanja athu; tiwasunge, zikhomo zigwire thabwa.