Giza ya gasi ikamazima yokha

Mu Okutobala 2006, banja lina la ku England linapita kukapuma pa chilumba cha Corfu m'dziko la Greece. Analipo anthu anayi: bambo, mayi amene ankakhala naye, ndi ana awiri a bamboyo, mtsikana wa zaka 7 ndi mnyamata wa zaka 6. Ankagona m'kanyumba ka hotelo ina ya m'mbali mwa nyanja. Tsiku lina anawo anayamba kudandaula kuti sakumva bwino m'thupi. M'mawa mwake, wantchito wokonza m'zipinda anapeza ana awiriwo atamwalira, akuluakulu aja ali chikomokere.

Chimene chinawapha chinali kuseri kwa khoma. Pamenepo panali kachipinda kokhalamo giza ya gasi yotenthetsa madzi osamba. Gizayo inalibe chumuni chotulutsira utsi panja, ndipo m'khomamo munali mabowo amene anasiyidwa osatseka, moti mpweya woipa unkadutsa mpaka kumene anthu ankagona. Koma chopweteka kwambiri ndi ichi: gizayo inali ndi kachipangizo kachitetezo koizimitsa zinthu zikalakwika, ndipo munthu wina analumikiza mawaya molambalala kachipangizoko kuti giza isamazimenso. Mu 2010 khoti la ku Greece linapeza anthu atatu a pa hoteloyo olakwa, ndipo mu 2015 bwalo lofufuza za imfayi ku Wakefield linagamula kuti anawo anaphedwa mosemphana ndi lamulo.

Sindikhulupirira kuti wogwira mawayayo anali ndi mtima wopha. Ayenera kuti ankangofuna kuti madzi azitentha, alendo asiye kudandaula. N'chifukwa chake nkhaniyi imandiopsa, pakuti maganizo amenewo akhoza kubwera kwa aliyense wa ife amene waima m'bafa m'mawa wa mu Juni, madzi akutuluka ozizira, nthawi ya ntchito ikutha. Abale athu ambiri ku Johannesburg ndi ku Cape Town amasamba madzi a giza ya gasi masiku ano, makamaka chichitikire kuthimathima kwa magetsi kumene kunafika pachimake mu 2023, ndipo si giza zonse zimene zinaikidwa ndi munthu wodziwa.

Kunena zoona, nthawi zambiri giza ikakana kutenthetsa vuto limakhala laling'ono, loti mwini nyumba atha kuliona yekha osamasula kanthu koopsa. Giza zimenezi sizisunga madzi. Mukatsegula mpopi, mphamvu ya madzi ndi imene imatsegulira gasi njira, kenako mabatire amathethetsa moto. Choncho yambani mwamvetsera. Ngati simukumva kulira kwa tiki-tiki-tiki, kapena kukumveka mofooka, sinthani mabatire, aja akuluakulu a D amene zambiri zimalowa awiri. Ngati ikuthetheka koma osayaka, nyamulani silinda muone ngati muli gasi, ndipo onani ngati yatsegulidwa. Silinda ikangosinthidwa kumene, m'paipi mumatsala mpweya wamba, ndiye pamafunika kutsegula ndi kutseka mpopi kangapo kuti gasi afike.

Madzi nawo amavuta. Akamabwera mofooka, giza siyaka ngakhale gasi atadzaza, ndipo kawirikawiri chatsekeka ndi kasefa ka polowera madzi kapena timabowo ta shawa. Tsukani zimenezo. M'nyengo yozizira mulinso china chimene ambiri sachidziwa: malita amene amalembedwa pa giza, kaya 12 kaya 16 pa mphindi, amawerengedwa poganiza kuti ikuwonjezera kutentha ndi madigiri 25 okha. Madzi akalowa ozizira kwambiri amatuluka ofunda chabe, giza ili bwinobwino. Chepetsani kuthamanga kwa madziwo, mudzaona akutentha.

Pamenepo ndiye malire anu. Ngati giza ikuyaka n'kuzima yokha pakapita kanthawi, imeneyo ndi nkhani ina. M'katimo muli timasensa toyang'anira lawi, kutentha kwa madzi, ndipo mu zina muli koyang'anira utsi ukamabwerera m'malo motuluka. N'zotheka kuti kasensa kangofa ndipo kakufunika kusintha. N'zothekanso kuti kali moyo ndipo kakugwira ntchito yake, chifukwa chumuni chatsekeka ndi chisa cha mbalame kapena mwaye, kapena chipinda chilibe polowera mpweya. Inu simungasiyanitse ziwirizi ndi maso. Mnzanu wodziwa zokonzakonza akakuuzani kuti, "Achimwene, apa tingolumikiza mawayawa, iziyaka osazima," mukaneni ngakhale atakhala kuti salipiritsa.

Gasi akamayaka popanda mpweya wokwanira amatulutsa carbon monoxide, yemweyo amene amapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka mazenera. Gasi wa m'silinda amamuthira fungo dala kuti akamatuluka mumumve, koma carbon monoxide alibe fungo, alibe mtundu. Akalowa m'magazi amakakamira pamalo pa oxygen mwamphamvu yoposa ka 200, thupi n'kuyamba kufooka munthu akupuma ndithu. Zizindikiro zake n'zonyenga: mutu, chizungulire, nseru, kutopa. Ife timathamangira kuganiza za malungo kapena chimfine, n'kumwa panado n'kukagona m'nyumba momwemo. Ngati anthu angapo adwala mutu nthawi imodzi, n'kumapezako bwino akatuluka panja, ganizirani za giza kapena chitofu. Yang'ananinso lawi. Loyaka bwino limakhala la buluu ndi lokhazikika. Lachikasu, logwedera, losiya mwaye pakhoma likukuuzani kuti zinthu sizili bwino.

Ku South Africa lamulo limafuna kuti zipangizo za gasi zomangidwira m'nyumba aziika ndi munthu wolembetsedwa ku SAQCC Gas, ndipo akamaliza azipereka satifiketi yotsimikiza kuti ntchitoyo yatsata malamulo. Ku Britain amayenera kukhala wa mu Gas Safe Register. Mufunseni khadi lake, musachite manyazi. Ngati mukuchita lendi, uzani eni nyumba polemba uthenga kuti pakhale umboni, ndipo podikira, tsekani silinda muzitenthetsa madzi pa ketulo kapena m'poto. Kusamba madzi a m'ndowa kwa mlungu umodzi si vuto, tonse tinakulira momwemo. Kaalamu ka carbon monoxide kamagulitsidwa m'masitolo a zipangizo zomangira, ndipo nyumba iliyonse yokhala ndi giza m'kati iyenera kukhala nako.

Mukakayikira kuti mpweyawu wadzaza m'nyumba, tsekani gasi, tsegulani zitseko ndi mazenera, tulutsani aliyense, makamaka ana ndi amene ali m'tulo. Amene akumva mutu kapena chizungulire apite kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo mukafika auzeni adokotala kuti m'nyumba muli giza ya gasi, kuti adziwe choyeza.