Malangizo: Katundu Akasowa ku Positi

Lero tikambe za kalata kapena phukusi lomwe mwatumiza koma silinafike.

Choyamba, kalata wamba ikasowa, chipukutamisozi palibe. Choncho mukamatumiza satifiketi kapena katundu wa mtengo wapatali, mulembetseni kapena mutumizeni pa EMS, njira yachangu ya ku positi. Nenani zoona za zomwe zili m'katimo, ndipo funsani kuti akasowa adzakulipirani zingati, chifukwa ndalamazo zimakhala ndi malire.

Chachiwiri, lisiti sungani bwino. Nambala yomwe ili pamenepo ndi yomwe amalondolera katundu wanu. Lijambuleninso pa foni, poti inki imafufutika.

Chachitatu, musachedwe. Pa makalata olembetsa opita kunja, monga ku Johannesburg, malamulo a Universal Postal Union amapereka miyezi 6 yoti mudandaule. Pitani ku positi ofesi komwe munatumizira, kaya ku Limbe kaya m'tauni, mukapereke dandaulo lolemba, ndipo kope lina likhale lanu.

A Malawi Posts Corporation kapena kampani yonyamula katundu akakuzengerezani, kadandauleni ku MACRA, bungwe loyang'anira ntchito za mtengatenga wa makalata pansi pa lamulo la Communications Act la 2016. A Consumers Association of Malawi (CAMA) ndi a Competition and Fair Trading Commission amathandizanso ogula.

Chomaliza, kupatsira kondakitala phukusi popanda lisiti n'kotchipa, koma likasowa mudzasowa pogwira.